Nazale ya Faness

Chitseko cha nyumba ya apongozi chinamenyetsedwa mwamphamvu moti nkhuku zimene zinkatola gaga pabwalo zinabalalika. Lazaro anali atangotulukira kuchokera kudimba, makheni awiri othirira ali m'manja, mwana wake Loyce akutsatira pambuyo diresi itanyowa mpaka m'chiuno. Anadziwa kuti chitsekocho amenyetsera iyeyo. Chichitikireni maliro a mkazi wake Faness, a Nankhoma, mayi a malemuwo, sankafuna ngakhale chithunzithunzi chake chidutse pabwalo pawo.

Kusaonana maso ndi maso sichinali chinthu chachilendo ayi. Mkamwini ndi apongozi aakazi amathawana, ndiwo ulemu wake kuno kwa Kabudula. Zaka zonse zimene Lazaro anakhala pamudzipo, akakumana ndi a Nankhoma panjira ankapatukira kutchire, iwonso n'kuphimba nkhope ndi chitenje, moni n'kupatsana chakumbali. Koma kuthawana kwa ulemu kulibe phokoso. Kwa tsopanoku kunali ndi zitseko, kutsonya ndi kulavula pansi.

Lazaro anali wobwera. Makolo ake anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Nsaru, ndipo iye anabadwira m'makomboni momwemo. Atakwatira Faness anamanga kuchikamwini, n'kumalima munda wa mkazi wake ndi dimba la mkazi wake. Nyumba anamanga ndi manja ake, inde, koma dothi silinali lake. Ngakhale Loyce, mwana wofanana naye mphuno ndi mayendedwe omwe, mwamwambo anali wa mbumba ya kuchikazi, ndipo mwini mbumbayo anali Frackson, mlongo wake wa Faness. Aliyense ankadziwa chimene chikubwera. Akadzamusudzula Lazaro, adzatenga njinga yake ndi zovala zake n'kumapita, mwana adzatsala.

Faness anamwalira ndi pakati. Matenda anamuyamba m'mawa, mwamuna wake ali kudimba. Pamene uthenga unkamufika, n'kuthamanga kukabwereka ngolo, n'kumanga ng'ombe, magazi anali atataika ambiri. Anatsirizikira m'ngolo momwemo denga la chipatala likuoneka, ndipo khanda linapita naye limodzi. Loyce anaona amake akunyamulidwa pamphasa kukwezedwa m'ngolomo, ndipo kuyambira tsiku limenelo pakamwa pake panatsekeka. Umufunse dzina, umupatse chigumu, umukalipire, ankangokuyang'ana.

Tsopano tamverani chimene Lazaro analakwa. M'mawa wotsatira tsiku loika maliro, anthu akadali pasiwa, amayi akadali mbuu ndi fumbi la kumanda, mwamunayu anadzuka, anatenga makheni ake, ulendo wa kudimba kukathirira nazale ya fodya. Abale inu, anthu anagwira pakamwa. Mkazi wagona m'manda dzulo dzuloli, iye mtima uli pa fodya!

Palibe amene anamufunsa chifukwa, ndipo akanamufunsa sakanatha kufotokoza. Nazaleyo anafesa ndi Faness, mayiyo akuvutika kuwerama ndi mimba yake, akuseka kuti njere za fodya n'zazing'ono ngati malipiro a tenanti. Dzuwa la mwezi wa Okutobala silidziwa maliro, ukadumphitsa kuthirira mbande zimapsa. Koma chenicheni sichinali chimenecho. M'nyumba muja Lazaro ankabanika. Akakhala pansi ankamva kulira kwa matayala a ngolo m'mutu mwake, akatseka maso ankaona mphasa ija. Kudimba kokha n'kumene mtima unkatsika. Akamiza kheni m'chitsime n'kumva ikumeza madzi, akainyamula n'kumva kulemera kwake m'phewa, akapendeketsa n'kuona madzi akuwaza pa udzu wophimba mabedi, fungo la dothi lonyowa n'kukwera, maganizo onse ankapita pamene madzi akugwera basi. Panalibe dzulo, panalibe mawa. Panali bedi ili, likatha linalo.

Loyce anayamba kumutsatira yekha, osaitanidwa. Bambo ake anamuboolera kachitini ndi msomali kuti nayenso azithirira. Tsiku lina ali chowerama kumapeto kwa bedi, Lazaro anamva mawu aang'ono kumbuyo kwake.

“Amayi, zamera.”

Lazaro anazindikira kuti ndi mawu a Loyce. Sanatembenuke, kuopa kuti mwanayo angasiye. Anapitiriza kuthirira misozi ikugwera m'kheni, ndipo Loyce anapitiriza kuuza amake nkhani: kuti nkhuku yoyera yaswa, kuti dzino likugwedera, kuti ababa sadziwa kumanga tsitsi. Atangotuluka pampanda wa dimba, pakamwa panatsekekanso. Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndipo Lazaro sanauze munthu.

Amene anazimva anali Dorothy, mng'ono wake wa Faness, mayi wa mtima wabwino koma wa pakamwa posasunga kanthu. Anapita kudambo kukathyola chisoso, khanda lake Junior lili kumbuyo, ndipo podutsa kuseri kwa mpanda anamva mwana wosalankhula uja akucheza ndi amake. Anathamanga kumudzi chimwemwe chitadzaza tsaya, akufuula kuti Loyce walankhula, walankhula ndi amake kudimba. Koma nkhani ikachoka pakamwa simakhalanso yako. Pofika pamjigo inali yoti mwana amaonana ndi amake. Pofika kuchigayo inali yoti Faness sanafe, mwamuna wake anamusandutsa ndondocha, munthu wophedwa mwamatsenga n'kudulidwa lilime kuti azigwirira ntchito mwini wake, ndipo amamusunga m'kachisakasa ka kudimba. Kumanda kuja anthu anakwirira thunthu la nthochi, ankatero.

Umboni wake sunasowe, poti munthu akafuna umboni amaupeza. Chaka chimenecho nazale zambiri zinapserera, ya Frackson inachita kuuma yonse, pamene ya Lazaro inali biriwiri. Amathirira ndani usiku? Nanga mwana anasiyiranji kulankhula, ngati sanaone zoopsa? Nanga munthu woferedwa amayenda mofatsa chonchija, osakomoka, osaonda? Kufatsa kwakeko ndiye kunawaopsa kwambiri. Akanakhala woledzera n'kumagubuduka m'fumbi, bwenzi akuti akulira mkazi wake.

Zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Amuna apabawo ankangoti zii iye akamadutsa, njere zili m'manja. Amayi ankakoka ana awo Loyce akayandikira. M'mawa wina anapeza phulusa litawazidwa mozungulira nyumba yake, tsiku lina anapeza galu wake atafa kuseri kwa bafa, thovu lili kukamwa. Anamukwirira, anasamba m'manja, n'kutenga makheni. Aliyense pamudzipo ankakumbukira zimene zinachitikira mkulu wina wa tsidya la dambo amene anamunenera zofananazo, momwe utsi wa nyumba yake unaonekera mpaka kumsika, koma palibe ankazitchula.

Dorothy anabwera madzulo ena akulira, anagwada patali ndi khonde.

“Alamu, ndikhululukireni. Ine ndinanena mwachimwemwe, sindinadziwe kuti zifika apa. Siyani kaye kupita kudimbako, chonde. Khalani m'nyumba masiku angapo, muzioneka wodandaula, mwina mitima ya anthu itsika.”

“Ndizioneka wodandaula?” anatero Lazaro motsitsa. “Mayi a Junior, kodi kudandaula kumaoneka bwanji? Ndiphunzitseni.”

“Ine sindikudziwa, alamu. Koma achimwene a Frackson akuyenda ndi anyamata a kumsika aja.”

“Mwanayu amalankhula kumene kuja kokha. Ndikamuchotsako ndiye kuti ndamutseka pakamwa ndi manja anga.”

Dorothy anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, anadzuka n'kumapita akupukusa mutu.

Frackson sanachedwe. Anafika tsiku lotsatira dzuwa likupendeka, osaodira, n'kukhala pampando wa Lazaro asanapatsidwe. Anali munthu wamtali, wa maso ofiira chifukwa chosagona, ndipo tinene zoona, mlongo wakeyo ankamukonda. Ndiye anamulera bambo awo atamwalira. Chisoni chake chinasanduka ukali chifukwa analibe kwina kochiika.

“Alamu, sindikhalitsa. Tagwirizana kuti tikusudzuleni Loweruka likubwerali. Mukonzeke.”

“Loweruka lomweli? Nanga sitinati tidikire mpaka tikolole?”

“Mukolole chiyani? Mwakolola kale zokwanira pamudzi pano.”

Lazaro anatsika pakhonde, anagwada m'fumbi, bambo wamkulu ndi ndevu zake. “Alamu, dimba tengani. Fodya tengani yense, nyumbayi ndi malata ake omwe. Sindidzafunsa kanthu. Koma mwanayu akudwala, ndiloleni ndikhale naye pafupi kufikira atachira. Ngakhale mundipatse kakhumbi kumapeto kwa mudzi, ndikhala.”

“Akudwala chifukwa cha ndani?” Frackson anadzuka, mpando unagwa. “Mwana wa mlongo wanga mwamutseka pakamwa kuti asaulule! Mukuyesa sitikudziwa zimene mumasunga m'kachisakasa kaja? Iwe, wobwera iwe, tinakulandira ulibe ndi khasu lomwe, lero watidyera munthu!”

“Tiyeni pompano mukatsegule muone.”

“Kuti ukatiphimbe m'maso? Tidzabwera nthawi yathu, osati yako.” Analoza Loyce amene anali ataima pakhomo atagwira chitseko. “Uyu ndi wa mbumba yanga. Loweruka akagona kwa agogo ake, ndipo sudzamuonanso.”

Atachoka, Lazaro anakhalabe chogwada kwa kanthawi. Anaganiza zomubereka mwanayo n'kuthawa naye, koma akanafika kuti? Akanamugwira asanawoloke dambo, ndipo pamenepo akanakhala wakuba mwana pamwamba pa ufiti. Loyce anabwera, anamugwira phewa, n'kumuonetsa kachitini kake. Nthawi yothirira madzulo inali itakwana, ndipo anapita.

M'mawa wa Lachisanu kunacha ndi kamphepo kozizira kochokera kudambo. Panjira ya kudimba Lazaro anaona mapazi a munthu pamame, opita komweko, opanda nsapato. Anaima, anamvetsera. Kunali zii, ngakhale atimba amene ankasokosera m'bango masiku onse sankamveka. Anaganiza zobwerera, koma Loyce anali atalowa kale pampanda. Anamutsatira, maso akuyang'ana uku ndi uku, ndipo sanaone munthu. Anamiza kheni m'chitsime, n'kuyamba bedi loyamba.

“Amayi, tabwera,” anatero Loyce, akuwaza madzi ndi kachitini kake. “Malume anagwetsa mpando wa ababa. Akuti ndizikagona kwa agogo. Amayi, agogo sakudya, Dorothy akuti amangotaya phala kuseri.”

Nzimbe za kumpanda zinagwedezeka. Lazaro anaponya kheni pansi n'kumukokera mwana kumbuyo kwake. Koma amene anatuluka m'nzimbemo sanali mnyamata wa chikwanje. Anali a Nankhoma, mame ali thupi lonse, masamba a nzimbe atawacheka m'mikono. Dzanja lina ananyamula kambale kovundikira, lina chitenje chopinda bwino, chobiriwira, chimene Faness ankavala popita kutchalitchi.

Mwachizolowezi Lazaro anatembenuza nkhope n'kuyamba kupatuka.

“Musandithawe,” anatero mayiwo. Mawu awo anali osasa. “Bambo a Loyce, lero ndiyang'aneni.”

Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni, Lazaro anayang'ana apongozi ake kumaso. Anadabwa kuona kuti maso awo anali a Faness enieni, ndipo nkhope inali itatha ngati ya munthu wodwala chaka chonse. Iye ankayembekeza matemberero. M'malo mwake mayi wachikulireyo anagwada pamatope.

“Ndionetseni mwana wanga. Sindiuza munthu, ndikulumbira. Frackson sindimuuza, kutchalitchi sindikanena. Ngakhale mwamudula lilime, ngakhale sandizindikira, ndingomuona basi. Ndamutengera chitenje, kuno kumazizira m'mawa. Ndamuphikira phala la mtedza, amalikonda. Chonde bambo, ndimudyetse ndi dzanja langa.”

Apa m'pamene Lazaro anamvetsa, ndipo chinamulasa kuposa mwano wonse wa Frackson. Mayiwa sanakhulupirire bodza lija chifukwa chomuda iye. Analikhulupirira chifukwa m'bodzamo mwana wawo anali moyo.

“Amayi,” anatero Lazaro, “dzukani. Bwerani muone.”

Anamasula chingwe cha kachisakasa n'kukankha chitseko cha mapesi. A Nankhoma analowa chowerama akuitana motsitsa, “Fane? Fane, ndine amako.” Munali makasu awiri, thumba la feteleza lotsala theka, mulu wa udzu wophimbira, ndi mapatapata akale a Faness amene anawasiya tsiku lofesa, limodzi lili lodukira. Anafukula udzu wonse ndi manja, anasuntha thumba, anagogoda pansi ngati pali dzenje. Kenaka anatola mapatapata aja, anatuluka, n'kukhala pansi mwadzidzidzi. Kambale kanagubuduka, phala linatayikira m'ngalande.

Kulira kumene analira pamenepo sikunali kwa pamaliro kuja, kokhala ndi mawu ndi mayina. Kunali kubuula kochokera m'mimba, kwa munthu amene mwana wake wamwalira kachiwiri. Lazaro naye analira, ataima poteropo, osadziwa ngati n'kololedwa kuwagwira apongozi paphewa.

Dzuwa linali litayamba kutuluka pamwamba pa bango. Lazaro anapukuta kumaso ndi malaya, anatola kheni yake n'kuimiza m'chitsime.

“Mukuthirirabe?” anafunsa mayiwo, akumuyang'ana ngati wamisala. “Mtima wanu ndi wotani, bambo inu?”

“Ndi wosweka, amayi. Ndikakhala pansi ndimamva ngolo ija ikuyenda m'mutu mwangamu. Ndimadzifunsa kuti ndikanapanda kubwera kuno tsiku lija, ndikanabwereka ngolo ya pafupi, ndikanathamangitsa ng'ombe. Mafunso amenewo akhoza kundipha. Koma ndikanyamula madziwa ndimangoona pamene akugwera. Mpweya umalowa, umatuluka. Bedi likatha ndimapeza kuti ndikadali moyo, ndiye ndimayamba lina. Mankhwala anga ndi omwewa, ena ndilibe.”

Loyce anali akuwayang'ana agogo ake. Anayandikira pang'onopang'ono, anatunga madzi m'kheni ya bambo ake ndi kachitini kaja, n'kuwapatsa m'manja.

“Agogo, apa anafesa amayi. Musathire mwamphamvu, zimagona.”

Kwa a Nankhoma, aka kanali koyamba chichitikireni maliro kuti mdzukulu wawo awalankhule. Anagwira kachitiniko ndi manja awiri, madzi n'kumawaza pa timbande. Katatha, mwanayo anakatunganso. Anathira kachiwiri, kachitatu, akusuntha ndi mawondo m'mbali mwa bedi, ndipo kubuula kuja kunayamba kutsika mpaka kunangotsala kupuma. Kwa kanthawi ndithu m'dimbamo munangomveka madzi, anthu atatu akugwira ntchito osalankhula.

Likhweru linamveka kumtunda. Kenaka lina kuyankha cha kudambo.

Anthu anatsika ngati gulu la osaka nyama, Frackson ali patsogolo ndi chikwanje, anyamata a kumsika ali ndi zibonga, mmodzi atanyamula botolo la petulo. Kumbuyo kwawo kunali amayi ndi ana, ndi Dorothy akuthamanga akukuwa kuti achimwene musatero. Mpanda anaugwetsa ndi mapazi ngakhale khomo linali lotsegula. Frackson ataona amake ali m'matope ndi kachitini m'manja, anaima kukamwa kuli yasa.

“Amayi, mukutani kuno?”

“Ndinabwera kudzaona mlongo wako,” anayankha akudzuka movutika. “Mulibe. Ndalowamo ndekha, ndafukula paliponse. Faness anafa, Frackson. Tinamuika tokha.”

“Wamusamutsa usiku!” anakuwa wina kumbuyo.

“Wawadyetsa mankhwala amayiwa! Taonani akuthirira nawo!”

Botolo linaphulika pa kachisakasa, moto unalilima nthawi yomweyo. Anyamata analowa m'mabedi n'kuyamba kupondaponda, akufukula ndi zibonga, akuti akufuna pamene anakwirira zithumwa. Mbande zimene Faness anafesa zinasanduka matope pakanthawi kochepa. Mwala unachokera m'gulumo n'kumutema Lazaro pamwamba pa diso, magazi anatsikira m'malaya. Iye sanathawe ndipo sanabweze, anangomuphimba Loyce ndi thupi lake. Mwanayo anauma gwaa, maso ali tong'o, pakamwa patatsekeka zolimba kuposa kale. Yemwe anali ndi petulo uja anayamba kuyandikira, ndipo wina anali akugubuduza tayala lakutha kuchokera kumtunda.

A Nankhoma anaima pakati pa mkamwini wawo ndi gululo. Anagwira mfundo ya chitenje chawo m'chiuno.

“Frackson! Munthu mmodzi angomukhudzanso, ndivula pompano, uone umaliseche wa amako pamaso pa anthu onsewa. Ndione ngati udzaonenso mwayi pa dziko lino, iwe ndi anzakowa!”

Palibe mwana wa kuno amene sadziwa kulemera kwa temberero limenelo. Anyamata anatembenuza nkhope, ena anayamba kubwerera chambuyo, tayala linagwera m'ngalande. Chikwanje cha Frackson chinatsika.

“Amayi, musatero. Chonde amayi.”

“Ndiye khala chete umve.” Anayang'ana nkhope za anthu aja mmodzimmodzi, ndipo anaona chimene Lazaro anali ataona kale: lero abwerera, koma mitima yawo sinabwerere. Adzabweranso tsiku limene mayiwo kulibe. Anatembenukira kwa mkamwini wawo. “Bambo a Loyce, za Loweruka palibenso. Ndakusudzulani ine pano, dzuwa likuona. Mulibe mlandu ndi mudzi uno, mwana wanga munamusunga bwino. Pitani kwanu lero lomwe, musadikire madzulo.”

Lazaro anagwa ndi mawondo. Ankadziwa kuti mawuwo apulumutsa moyo wake, koma anali mawu omwewo amene ankawaopa masiku onsewa. Anamukumbatira Loyce, magazi akudonthera patsitsi la mwanayo. “Amayi, ndiloleni ndingomuperekeza kunyumba, ndimusambitse kotsiriza.”

“Mukamusambitsa kwanu. Mwanayu mupita naye.”

Gulu lonse linati phokoso. Frackson analumpha ngati wapsa. “Zosatheka! Mwana ndi wa mbumba yathu! Amayi, mwapenga? Faness wapita, ndiye tiperekenso magazi ake kwa obwera?”

“Magazi akewo ndi anga, anatuluka m'mimba muno,” anatero mayiwo akudzimenya pamimba. “Ukuganiza kuti sizikundipweteka? Ndi yekhayu amene Faness wandisiyira. Koma ndamumva akulankhula lero, ndipo taona mmene mwamuchitira. Akatsala kuno adzakula ali mwana wa mfiti, wopanda mnzake, wopanda mawu. Ndikhale naye wosalankhula, kapena akalankhule kutali ine osamumva? Ndasankha. Amene akutsutsa abwere andigwire.”

Palibe anasuntha. Frackson anaponya chikwanje pansi, anakhala pa mulu wa dothi, n'kubisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka.

A Nankhoma anawaperekeza okha mpaka kumudzi, akuyenda pambali pa mkamwini wawo anthu onse akuona. Zovala za Loyce anazimanga okha pa kampukutu, Dorothy akumanga bala la Lazaro ndi kansalu uku akusisima. Kunalibe zambiri zonyamula. Pomukweza mwana pakaliyala ya njinga, agogowo anamugwira nkhope ndi manja onse awiri, anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali ngati akumuloweza, koma Loyce sananene kanthu.

“Mukafika kwa amayi anu ku Nsaru, mukampezere pothirira,” anatero kwa Lazaro. “Ngakhale mpiru wa kuseri kwa bafa. Pitani, ndisanasinthe maganizo.”

Lazaro anawerama, anawomba m'manja mwaulemu, n'kukwera njinga. Anadutsa pabawo, anadutsa pamjigo, anthu ataima m'makonde, utsi wa kudimba ukadali kukwera kumbuyo kwawo.

Atangofika pamsewu wafumbi, kumudzi kunabuka kulira. Anali mawu a a Nankhoma, akulira mokweza ngati pagwanso maliro, akuitana dzina la mdzukulu wawo. Lazaro anafinya mabuleki, phazi linatsika pansi. Mtima unamuuza kuti akuchita nkhanza, kuti akulanda mayi wachikulire chotsala chake chokha. Anayamba kutembenuza chiwongolero.

Timanja tiwiri tinagwira malaya ake kumbuyo, zolimba. Pamsewu poyera, kutali ndi mpanda wa dimba, Loyce anatsegula pakamwa.

“Ababa, musaime. Tiyeni.”

Lazaro anaponda pedulo, misozi ikusakanikirana ndi magazi, ndipo sanachewukenso.